Mkono wa Che Amidu, Dzina la Kevini

Foni inandipeza pathandala, ndikuthandiza mkazi wanga kutembenuza usipa. Ndiyo ntchito imene amandipatsa masiku ano kuno ku Makanjira, poti maondo anakana zolowa m'bwato. Nambala inali ya ku Joni. Nditayankha ndinamva mawu a munthu wokalamba akupereka salamu, kenako Chingelezi chothamanga chija cha ku Kepi, ndipo ndinadziwa kuti ndi a Isimaila, amene ankaphunzitsa timu ya pabwalo pomwe ndinathera zaka zanga zonse za utchona.

Anati kalabu yawo ikukonza khoma lopachikapo zithunzi za osewera akale, oti asadzaiwalike, ndipo dzina la Kevini latchulidwa. Koma a komiti agawikana. Ena akuti munthuyo ankasewera ndi dzina la eni, ndiye zonse anachita siziwerengedwa. Ena akuti mkono ngati umene uja bwalolo silinauonenso.

“Tagwirizana chinthu chimodzi,” anatero a Isimaila. “Banja lake likavomera, tilemba dzina lake lenileni pansi pa chithunzi. Likakana, pakhala Kevini. Iwe unali naye. Kalankhule ndi mkazi wake.”

Kevini ameneyo ndi Che Amidu, mnzanga wa m'mudzi muno, amene tinamuika m'manda dzinja lapitalo lisanayambe. Mkazi wake ndi Abiti Jafali, ndipo nyumba yawo ndimaiona ndikaima pakhomo panga. Komabe panapita masiku ndisanapondeko. Ndinkadziwa zimene ine ndikufuna: ndinkafuna dzina la mnzanga lilembedwe. Chimene sindinkadziwa ndi pakamwa poyambira.

Tinanyamuka limodzi, pa lole ya nsomba mpaka pa boma, kenako basi yodzera ku Tete ndi ku Zimbabwe. Nthawi imeneyo mwamuna wa kuno wosapita ku Joni ankaoneka ngati wodwala. Wina akabwera ndi njinga ndi malata, apongozi ako ankangoyang'ana denga lako la udzu osanena kanthu, iwe n'kumva wekha. Che Amidu anasiya Abiti Jafali ali ndi mwana mmodzi woyenda, dzina lake Yusufu, ndi wina kumsana. Pokwera lole anawauza kuti malata akakwana abwera. Inenso ndinanena zomwezo kwanga. Tonse timanena zomwezo.

Masiku amene anatidindira pa pasipoti anatha tisanapeze n'komwe pogona penipeni. Kuchokera pamenepo galimoto iliyonse ya polisi inkaoneka ngati ikufuna ifeyo. Tinamva kuti ku Kepi kuli bwinoko, tinatsikira kumeneko, ndipo Lachisanu lina a Isimaila anatipeza panja pa mzikiti tikufunafuna nsapato zathu, zomwe sizinali zovuta kuzizindikira. Anatifunsa ngati timatha kutchetcha udzu. Munthu wa njala amatha chilichonse.

Ntchito inali yosamala bwalo: kutchetcha, kuthirira, kujambula mizere ndi laimu, kutola zinyalala anthu akabalalika. Pogona panali mu kontena kuseri kwa nyumba ya kalabu, momwe ankasungiramo makina. Ndikatseka maso ndimalimvabe fungo lake, petulo, laimu ndi masokosi a amuna. Poyamba tinali awiri. Koma anthu akwathu akamva kuti uli ndi denga sachedwa, ndipo posakhalitsa anafika Twaibu, msuweni wa mkazi wanga, pambuyo pake enanso, mpaka tinkagona chotsamirana ngati utaka m'dengu. M'chilimwe chitsulocho chinkatiwotcha. M'nyengo yozizira mvula ya kumeneko, yomwe imagwa chammbali ndi mphepo, inkalowera pachitseko n'kutipeza pamatiresi.

Anthu kuno amati tinaona Kepi. Ine ndinaona phiri lotchuka la kumeneko pamwamba pa mpanda. Kunja kwa geti tinkatulukako popita ku mzikiti, pokapereka katundu wa kumudzi kwa a matransipota, ndi Loweruka a Isimaila akatikweza pa pikiapu yawo kukatisiya kumaganyu a m'minda ya maluwa. Ngakhale pamenepo tinkakhala chogwada kumbuyo, maso pansi. Nyanja ya kumeneko ndinaiona kangapo pawindo la galimoto, ndipo sindinaikhudzepo ndi phazi, ine mwana wa pagombe.

Masewero a pabwalopo amati besibo. Wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina n'kukamenya ndi chibonga, n'kuyamba kuthamanga mozungulira. Ena amaima kutali, kufupi ndi mpanda, kudikira mpira wopita m'mwamba. Akauwakha usanagwe, womenya uja watuluka. Ukagwa pansi, ayenera kuutola n'kuuponya msanga kuti ufike wothamangayo asanafike. Ife tinkangoti ndi phada wa akuluakulu, ndipo tinkaseka amuna a ndevu akudzigwetsa m'fumbi atavala zoyera.

Tsiku lina tikuzula udzu m'mbali mwa mpanda, mpira unadzagwa pafupi ndi khutu la Che Amidu. Munthuyo sankachedwa kupsa mtima. Anautola, anatukwana m'Chiyao, n'kuugenda komwe unachokera. Unayenda osawerama mpaka m'golovesi ya wowakha amene anali atanjuta kuseri kwa womenya, ndipo tonse tinamva kulira kwake. Bwalo linati zii. Ine ndinayamba kuganiza za komwe tikagone mawa. A Isimaila anabwera akuthamanga, mimba patsogolo, n'kumupatsa mpira wina.

“Ponyanso,” anatero.

Iwo ankaona zodabwitsa. Ife tinkadziwa komwe mkonowo unachokera. Munda wa amayi ake unali m'munsi mwa phiri, ndipo ubwana wake wonse anathera kugenda anyani. Atakula ndiye ankaponya chingwe cha khoka la chilimira kuchoka bwato lina kufika linzake kuli mwera. Kuwakha ndiko anachita kuphunzira, monyinyirika ngati munthu wophunzira kudya ndi foloko, koma sanachedwe.

Kuti asewere mu ligi pankafunika chitupa cha dzikolo. Mmodzi wa a komiti anali ndi mwana dzina lake Kevini, amene analembetsa n'kusiya poti ankakonda botolo kuposa dzuwa. Khungu lawo linali lofananako, kapusi inamaliza zotsalazo. Anamuuza Che Amidu kuti pabwalo asamatsegule pakamwa, kuopa kuti lilime lingamuulule. Anzake akamathamangira mpira ankakuwa kuti ndi wawo, kuti asagundane. Iye ankaimba likhweru lija la alovi poitanizana panyanja, ndipo timu yonse inalizolowera. Ifenso mu kontena tinayamba kumutchula Kevini, kuti tsiku lina lilime lisadzatiterereke pagulu. Poyamba zinali zoseketsa, Msilamu wa ku Makanjira kuyankha dzina loterolo. Kenako zinasiya kuseketsa.

Amati ukaipa dziwa nyimbo. Ife tinali oipa, opanda mapepala, ndipo nyimbo yathu inali phewa la Che Amidu. A komiti ena sankafuna amuna achilendo ogona kuseri kwa kalabu, koma timu itayamba kuwina anangoyang'ana kumbali. Zinanenedwa poyera kuti kontena ndi ya Kevini ndi abale ake. Akangoti phewa likupweteka, tinkalimbirana kumuthowa ndi madzi otentha. Twaibu, amene kwawo sanatungirepo amayi ake madzi, ankamusisita ndi mafuta mpaka thukuta kuchucha.

Poti ndine mboni, ndinene zimene ndinaona. Anali katswiri. Womenya asanamenye, iye anali atayamba kale kuyenda. Ankati amayang'ana mapewa a munthuyo ndi komwe mphepo ikupita, monga mmene timachitira tisanakankhe bwato. Othamanga a matimu ena ankafika pokhota n'kuima okha akaona kuti mpira uli m'dzanja la Kevini. Kumenya ndiye ayi. Ankamenya ngati akupha njoka, maso otsinzina, ndipo a komiti amene akumukana lero akanatha kuyambira pamenepo, ine sindikanawatsutsa. Koma timuyo isanamupeze inkangokhala kumchira, ndipo zikho zimene zili mu kabati yawo zinabwera iye ataima kumpanda kuja.

Vuto linali nyengo. Masewerowo amayamba pamene kuno tikusosa, n'kutha pamene chimanga chikucha. Ndiyo nyengo yomwe anzathu ankabwera kumudzi, mabasi atasenza njinga ndi mafiriji. Che Amidu ankati masewero akatha apita. Akatha kunkabwera mvula ndi kuzizira, maganyu n'kusowa, za basi n'kudyedwa. Ndiponso tonse tinkadziwa kuti ukangofika pachipata cha malire ndi pasipoti yakufa, amakudinda kuti usabwerenso msanga. Kutuluka kunali kosavuta. Kubwerera ndiko kunalibe, ndipo palibe ankafuna kutuluka malata asanakwane.

Ine ndinkatumizako kumudzi, poti Loweruka ndinali kumaganyu. Iye Loweruka anali pabwalo, ndipo kusewerako sankalipidwa. Ankamupatsa nsapato, majekete, mamendulo, ndi kumusisita pamsana. A matransipota akabwera, ife tinkapereka mabulangete ndi mapoto, iye n'kupereka kachikwama kamodzi ka majekete a timu. Ankachita manyazi, ndipo ankadikira tonse tichoke kaye.

Yusufu anakula bambo ake ali kumpanda. Sukulu inamukanika, analowa ulovi monga anyamata onse a kuno, ndipo m'mawa wina mwera unagubuduza bwato lawo. Uthenga wa imfa yake unatipeza tikujambula mizere. Kwathu maliro sagona, choncho zoti akaike nawo panalibe. Panatsala sadaka ya masiku makumi anayi. Che Amidu analongedza chikwama tsiku lomwelo n'kupita kwa a Isimaila, ine ndili pambuyo pake. Timu inali italowa m'masewero omaliza.

“Pita, m'bale wanga,” anatero a Isimaila, misozi ili m'maso. “Basi ndikulipirira ndine. Koma ndikunamize chiyani? Kevini akachoka, kontena ija sindingathe kuitchinjiriza. A komiti akhala akufuna chifukwa.”

Tinabwerera. Che Amidu anaima pachitseko cha kontena n'kutiyang'ana, amuna titakhala pamatiresi, aliyense maso pazala zake za kuphazi. Mkazi wa Twaibu anali atangochira kumene. Wina anali asanabweze za amene anamuwolotsa pachipata. Palibe anamuuza kuti khala, palibenso anamuuza kuti pita. Chikwamacho chinakhala pakhomo masiku angapo tikuchilumpha, mpaka m'mawa wina tinachipeza chabwerera kuseri kwa makina.

Fainolo inagwa Loweruka lomwe kumudzi ankachita sadakayo. Chakumapeto timu yathu inali patsogolo pang'ono, ndipo mnyamata wina wamphamvu anaumenya mpira mpaka anthu anaimirira, poti ukanadumpha mpanda zonse zikanatha. Che Amidu anathamanga osacheuka, anaponda waya ndi phazi limodzi, n'kuutola m'mwamba msana utagunda chitsulo. Anamunyamula pamapewa, bwalo lonse likukuwa Kevini. Ine ndinali kunja kwa mzere ndi ndowa ya laimu, ndipo ndinakuwa nawo. Atamutsitsa anabwera kwa ine akupuma movutikira, n'kundifunsa m'Chiyao chapansipansi ngati ndikuganiza kuti kumudzi mpunga wapsa kale. Chithunzi cha kudumpha kumeneko ndicho a komiti akufuna kupachika.

Anaseweranso zaka zingapo, mpaka phewa linatha. Kalabu inasankha komiti yatsopano, inalemba kampani yotchetcha udzu, ndipo kontena anaigulitsa kwa munthu wofuna kutsegula shopu. Anyamata ena anamwazikira m'makomboni. Ife awiri okalamba tinakwera basi, anatidinda pachipata monga tinkadziwira, ndipo sitinadandaule.

Kunyumba mwana wanga wamkazi anandigwadira ngati mlendo wochokera ku boma. Malata anali atakwana, koma nyumbayo inali itaphunzira kuyenda popanda ine, ndipo mpaka lero ndimafunsa komwe kuli mchere. Za Che Amidu zinali zoposa. Denga lake analifolera Abiti Jafali okha, ndi za mandasi ndi usipa. Iye anafika ndi chifuwa, chikwama cha mamendulo, ndi golovesi yake. Anthu kuno sadziwa kuti masewerowo amavala dzanja limodzi, ndiye nkhani inamveka mudzi wonse yoti Che Amidu anatchona zaka zonsezi n'kubwera ndi golovesi imodzi, inzake anagulitsa panjira. Poyamba ndinkawafotokozera. Iye anandiletsa, anati asiye aseke, palibe chimene akunama kwenikweni. Sanakhalitse.

A Isimaila ataimbanso kufunsa, ndinasamba m'mawa n'kupita. Abiti Jafali ndinawapeza pakhonde akusankha mpunga m'lichero. Tinapatsana salamu, tinafunsana za ana ndi za maondo, anandiyalira mkeka.

“Alamu, lero mwabwera ndi nkhope ya munthu wotumidwa,” anatero.

Ndinawauza zonse, za khoma, za komiti, za dzina.

“Khoma la mzikiti?”

“Ayi, la nyumba ya kalabu. Momwe osewera amakumana.”

“Momwe amamwera mowa.”

“Ena amamwa, alamu. Iwo sanalaweko.”

Anapitiriza kusankha mpunga. Kenako anafunsa, osandiyang'ana, “Ankasewera bwino?”

Pamenepo ndinaiwala maondo. Ndinaimirira pabwalo la nyumba yawo, ndinawaonetsa mmene ankaimira, mmene ankathamangira chammbuyo, mmene ankatembenukira poponya. Ndinaimba ndi likhweru lomwe, nkhuku n'kubalalika. Abiti Jafali anaseka mpaka anapukuta m'maso ndi chitenje, ndipo mtima wanga unati zatheka.

“Munthu ali dere n'kulinga utayenda naye,” ndinatero ndikukhala pansi. “Ine ndinayenda nawo. Ulemu umenewu akuuyenera. Ku Kepi kuli anthu amene mpaka lero akamanena za mkono amatchula iwo, koma akutchula dzina lolakwika.”

“Munayenda nawo inu,” anatero. “Ine ndinatsala.”

Ndinayamba kufotokoza za kontena, za mmene tonse tinkagonera chifukwa cha iwo, za chikwama chija pakhomo. Anakweza dzanja.

“Anandiuza okha, alamu, atagona m'chipindamu. Anati anasunga amuna ambiri pansi pa denga. Ndinawafunsa kuti mwa amunawo mwana wawo wobereka okha anali uti. Ine sindikuti ananama, ndipo inu sindinakusungireni chakukhosi. Koma tsiku la sadaka ya Yusufu a shehe anafunsa bambo a mwana, amene anaimirira ndi achimwene anga. Anthu anadya mpunga akunong'onezana. Inu mukuti tsiku lomwelo ndiye anadumpha bwino.”

“Anadumpha akulira mumtima.”

“Ndikukhulupirira. Komabe anadumpha.”

Anaika lichero pansi. Mawu awo sanakwere, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

“Atabwera ndinkawaitana ndili kuseri, a Amidu, a Amidu, iwo ali chikhalire pomwe mwakhalapo. Ndinkayesa makutu anatha. Tsiku lina munabwera inu, munangoti Kevini moseka, anatembenuka nthawi yomweyo. Ndinalowa m'nyumba, sindinafune mundione.”

Sindinakumbuke tsikulo, koma ndinadziwa kuti ndi zoona.

“Ndiye kauzeni anzanuwo chonchi. Kevini ameneyo mukuti ankawakha bwino, amupachike. Sindimudziwa, ndilibe naye mlandu. Koma dzina la Amidu silinapite ku Kepi. Linatsala kuno, ndipo ndine ndinkaliyankhira, kusukulu, kuchipatala, ndi pagombe tsiku lija akutulutsa mwana m'madzi. Thupi ndinabwereketsa, linabwera litatha. Dzina sindibwereketsa.”

Ndinayesa kunena kuti zidzukulu zidzanyadira. Anati zidzukulu zikafuna agogo awo zidzapita kumanda, ndi pafupi, sikufuna pasipoti. Anatola lichero, anandifunsa ngati ndimwe tiyi. Ndinamwa, poti kukana kukanakhala kupsa mtima, ndipo ndinalibe popsera.

Madzulo ake ndinawaimbira a Isimaila, ndinati alembe Kevini. Anafunsa kuti nanga ine ndekha ndikuti bwanji, munthuyo akuyenera kapena ayi. Ndinati akuyenera. Ndinatinso mayiyo sanalakwe ngakhale liwu limodzi. Anati ziwirizo sizingakhale zoona nthawi imodzi. Ndinawauza kuti adzabwere ku Makanjira adzakhale pakhonde paja.

Mwezi watha ananditumizira chithunzi cha khomalo pafoni. Che Amidu ali m'mwamba, msana pampanda, dzanja atatambasula, ndipo pansi pake palembedwa bwinobwino dzina la munthu amene sanawakhepo mpira. Chimandiwawa nthawi iliyonse ndikachiyang'ana, koma kuchifufuta ndikulephera. Pakhomo pa Abiti Jafali ndimadutsa tsiku ndi tsiku popita ku mzikiti. Timapatsana salamu, amandifunsa za maondo, foni ili m'thumba.